Uthenga wa Maliro a Yosefe Kalebe

Nsenjere, Mvera
6 Meyi 2024

Amuna amene anapita ku nkhondo ya 1939 mpaka 1945 kuchokera m'midzi itatu ya mpingo wa Nsenjere, monga ndawawerengera lero:

Mayina onse amene anthu anabweretsa: 43
Olembedwa kawiri: 2
Otsala: 41
Anabwerako amoyo: 20
Anafera komweko: 21
Mwa akufawo, ana a midzi yathu: 14
Mwa akufawo, akamwini: 7
Mizere pa mwala: 15

Dave mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi akazi ako a Peggy ndi ana. Kuno tili bwino. Chimanga ndakolola matumba 11, chaka chatha anali 13. Bondo lakumanzere ndi lomwe lija.

Mauthenga ako a pafoni ndawaona, onse 9, koma nkhani za komiti sindiyankha pafoni chifukwa foni siilowa m'faelo. Ukufuna mayina oti upereke kwa mmisiri wa ziliza ku Limbe kuti ayambe kuzokota mwala wa chipilala chathu. Ali pa pepala lachiwiri. Alipo 14. Mmisiriyo asasinthe kalembedwe, ngakhale pamene akuganiza kuti ndalakwitsa.

Unatiuza kuti mwala ulowa mizere 15 ngati zilembo zikhale zoti munthu wa maso ngati anga awerenge ali chiimire. Akufa ndi 21. Komiti inakhala Lachiwiri kuyambira 2 koloko mpaka 5:40. Wapampando, malume ako a Benjamini, anafuna kuti tichite maere. Ena anati tilembe okhawo amene ali ndi pepala la boma, koma amenewo ndi 9 basi. Pamapeto pake tinagwirizana kuti munthu ndi wa kwa mayi ake. Amene mayi ake anali a midzi yathu alembedwe kuno. Mkamwini, amene anangodzakwatira kuno, akumbukiridwa kwawo. Ovomera 8, okana 3.

Uona kuti dzina la agogo ako a Yosefe Kalebe, bambo anga, palibe. Si kuiwala. Anali mkamwini kuno. Kwawo ndi kwa Kanjiwa, kupitirira Ntchisi Boma.

Njerwa zapsa kale. Chipilala chidzakhala kumaso kwa tchalitchi, mapazi 20 kuchokera pamsewu, ndipo tidzachivundukula Lamulungu pa 10 Novembala mvula isanatiwonongere msewu. Undiuze tsiku limene mwala udzanyamuke.

Ndine mayi ako,
E. Talandira, Mlembi wa Komiti

Limbe
15 Meyi 2024

Amayi,

Tonse tili bwino, ana akupereka moni. Kalatayi ndapatsira a Trust amene akupita ku Salima, akusiyirani pa siteji.

Mayina ndawerenga katatu. Ndinagwedezanso envelopu kuti mwina pepala lina latsalira. Amayi, mwala umenewu ndagula ine. Ku ofesi kuno aliyense akudziwa kuti ndikugula mwala wa agogo anga amene anafera ku Burma. Tsopano ndikawauze kuti ndagulira agogo a anthu ena?

Inu nomwe mwalemba kuti mizere ndi 15, mayina 14. Masamu munandiphunzitsa ndinu. Mzere umodzi ulipo, ukungokhala. Ngati vuto ndi malume a Benjamini, ndiwaimbire ine, timamvana. Ngati vuto ndi lakuti pakufunika mwala waukulu koma mukuopa kundipempha, nenani, ndiona chochita mwezi ukatha.

Komanso ndifunse, osakwiya. Mukuti agogo akumbukiridwa kwawo. Mukudziwa bwanji? Ine ndili ndi zaka 54 sindinaonepo munthu wa kwa Kanjiwa, pa ukwati kapena pa maliro.

Mmisiri ndamuuza adikire. Kalata ya boma ija mumasunga m'Baibulo mundijambulire, ndikufuna ana aione.

Mwana wanu,
Dave

Nsenjere, Mvera
29 Meyi 2024

Dave mwana wanga,

Tili bwino. A Trust anasiya kalata kwa mayi wogulitsa tomato, inandifika patapita masiku 6, yonyowa pakona.

Vuto si a Benjamini. Iwo ali m'gulu la atatu okana. Lamulolo ndinalibweretsa ine, ndipo pobweretsa ndinali nditawerenga kale amene liwachotse. Vuto si mwala waukulunso. Ndikafuna ndalama ndimalemba chiwerengero chake, sindichita kuzungulira.

Mzere wotsala ndi umodzi, akamwini ndi 7. Ndikalembapo bambo anga, mabanja 6 adzandifunsa masamu amene ndatsata, ndipo ambiri mwa iwo anadutsa m'kalasi mwanga. Mlembi salemba bambo ake pamzere wotsala.

Kalata ya boma siili m'Baibulo, ili m'chitini cha mabisiketi. Ili ndi mizere 6. Ikunena nambala yawo, dzina lawo, ndi kuti anamwalira ndi mabala pa 3 Novembala 1944. Ine ndinali ndi miyezi itatu. Inafika kuno mu Febuluwale 1945, mphunzitsi wa ku mishoni ndiye anawerengera amayi. Kujambula ndiona, pepalalo lafooka m'mapindo ndipo sindikonda kulitambasula popanda chifukwa.

Funso lako lomaliza ndi loyenera, ndipo yankho lolembedwa ndilibe. Kwa Kanjiwa sindinapondeko. Amayi sankakambako, anakwatiwanso ine ndili ndi zaka 7, ndipo m'nyumba ya bambo wondilera simunali mofunsira za bambo wondibereka. Koma mwambo ndi wodziwika. Eni munthu sataya munthu wawo. Ngakhale thupi palibe, amalira maliro n'kuika mtumbira. Ndipita Loweruka pa 8 Juni ndikaone ndi maso, ndikulembere, nkhani ithe.

Ndine mayi ako,
E. Talandira

Limbe
26 Juni 2024

Amayi,

Muli bwanji? Masabata anayi opanda kalata. Ndikaimba foni mukungoti ndili bwino, n'kudula. Kwa Kanjiwa munapita kapena ayi?

A Peggy akuti ndinakulakwirani ndi mawu aja akuti mwala ndagula ine. Ngati ndi choncho pepani, sindinatanthauze kuti komiti izimvera ine. Ndatumiza shuga, sopo ndi mafuta opaka bondo. Ngati bondo lakula ndipo mukubisa, bwerani kuno tikaonane ndi dokotala.

Mmisiri akufuna yankho lomaliza pofika 31 Julayi, akuti ali ndi ziliza zambiri za anthu amene abale awo sakukangana. Ndimuuze 14 kapena 15?

Mwana wanu,
Dave

Kwa Kanjiwa, Ntchisi
1 Julayi 2024

Kwa a Eleanor,

Wogwira cholembera ndi mwana wanga Faith koma mawu ndi anga, ine Magdalena, mwana wa mlongo wawo wa bambo anu. Ife tili bwino, kaya inu. Munafika bwino ndi bondo lija?

Ndadikira kuti mulembe chimene munadzera, simunalembe, ndiye ndalemba ine. Munabwera pa njinga yamoto. Munadzitchula. Tinakuyalirani mphasa, munadya mbatata ziwiri. Munapempha kuona manda, tinakuperekezani, munawerenga mitumbira ndi chala ngati mukuwerenga mbuzi. Munafunsa mtumbira wa malume a Yosefe, tinakuuzani, munagwira chikwama chanu, munatsanzika. Munthu wa msinkhu wanu sachoka ku Mvera kudzangowerenga manda a eni.

Ana anga akuti mwadzera munda. Ngati ndi dimba la kumtsinje lija munaliyang'ana podutsa, msuweni, iwalani. Nthaka kuno imayenda ndi akazi, inu ndinu wophunzira mukudziwa. Ndipo malume sanasiye kanthu kuno koma manyazi.

Ndibwereze poti tsiku lija mwina simunamve, munkayang'ana pansi. Nkhondo itatha anzawo anabwera. Mmodzi anauza agogo kuti anawaona ku Mombasa ali onenepa, atavala nsapato zoyera. Agogo anadikira chaka, zaka ziwiri, zisanu. Kalata ayi, ngakhale kamchere. Kwanuko sanapite kukafunsa, ankaopa kuti anthu akawaonetsa mkazi ndi mwana wosiyidwa n'kuwafunsa kuti munthu wanu mwamubisa kuti. Analetsa kuti mwana aliyense wa banja lino apatsidwe dzina la Yosefe, ndipo mpaka lero palibe. Anamwalira 1961 ine ndili mtsikana, ndinalipo, sanawatchule.

Mtchona alibe manda. Ngati anafera ku Mombasa, amene ankadya naye ndalama anamuika.

Inu simunalakwe kanthu, mukafuna kubwera kudzacheza bwerani, koma muzinena chimene mwadzera. Nkhope yanu ndi ya amayi anga, makamaka mphuno. Pepani.

Ndine msuweni wanu,
Magdalena

Nsenjere, Mvera
11 Julayi 2024

Dave mwana wanga,

Ndili bwino, katundu ndalandira. Sunandilakwire. Sindinalembe chifukwa ndinalibe chiwerengero chokwanira, tsopano ndili nacho. Ndaikamo kope la kalata ya msuweni wanga a Magdalena. Uyambe kuwerenga imeneyo.

Manda a banja la bambo ali ndi mitumbira 37. Wa bambo palibe. Kwa Kanjiwa sadziwa kuti bambo anamwalira. Akuti ndi mtchona, anathawa mayi awo, mkazi ndi mwana.

Udzafunsa kuti bwanji sindinawaonetse kalata ya boma. Inali m'chikwama. Zipi ndinatsegula mpaka pakati. Koma mwana sanena maliro a bambo ake kwa eni ake atakhala pamphasa ndi mbatata m'manja. Mkamwini akamwalira, uthenga umanyamulidwa ndi nkhoswe ya kuchikazi, n'kukautula kwa nkhoswe ya kwawo. Ndinatseka zipi.

Nditabwerako ndinakhala masabata awiri ndikufufuza m'mabuku akale a mpingo, osapezamo kanthu. Kenako ndinapita kwa a Benjamini. Ndinawapeza m'chigafa akusankha fodya.

Ndinati, "Alongo, kalata ya bambo itafika, anapita kwa Kanjiwa ndani?"

Iwo anati, "Mwadya?"

Ndinati ndadya, ndipo ndinafunsanso.

Anati, "Nkhoswe ya ukwati wa mayi anu anali malume a Malizani."

Ndinati ndikudziwa, ali pa nambala 6 pa mndandanda wathu.

Anati, "Ndiye mwadziyankha nokha."

Nkhani yake ndi iyi. Amayi anali ndi mlongo mmodzi yekha, a Malizani, ndipo nawonso anali ku nkhondo komweko. Kalata ya bambo itafika, mitsinje inali yodzaza, ulendo wa kwa Kanjiwa unali wa masiku awiri pansi. Akuluakulu anati uthenga wotere sapatsira aliyense, tidikire nkhoswe ibwere. Anadikira miyezi 6. M'malo mwa nkhoswe kunabwera kalata yake. Analira maliro a Malizani, anameta, anafulula mowa. Pomwe ankakumbukira za bambo chaka chinali chitatha, ndipo panalibe wofuna kukaima pamaso pa mayi wa munthu n'kunena kuti mwana wanu anamwalira chaka chatha, tinatanganidwa. Anati anthu a kwa Kanjiwa amva kwa asilikali obwerako, abwera okha. Kwa Kanjiwa anamvadi kwa asilikali obwerako. Kenako kunagwa njala ya 1949.

Ndinafunsa a Benjamini kuti anadziwa liti. Anati mayi awo, mng'ono wa amayi anga, ankakonda kunena kuti banja lathu lili ndi ulendo umene silinayende, iwo ankayesa akunena za kumwamba. Anadzamvetsa ali ndi ana kale. Ndinati nanga pa komiti bwanji sananene. Anati, "Ndinakweza dzanja kukana, inu munangoliwerenga."

Ndinafunsa kuti nkhoswe ya banja lathu panopa ndani. Anayang'ana tsamba la fodya nthawi yaitali.

Anati, "Alongo, ine ndili ndi shuga."

Ndinati shugayo tipita naye.

Anati, "Ndikayamba bwanji kulankhula, munthu wochedwa zaka 79?"

Ndinati zaka 79 ndi miyezi isanu, ndipo tikazengereza ikhala isanu ndi umodzi. Avomera kuti tipite akagulitsa fodya.

Lamulo langa linatsamira pa mawu akuti akumbukiridwa kwawo. Mayina ndinawafufuza onse, limodzilimodzi, ena kawiri. Mawu amenewa sindinawafufuze. Lero bambo anga sali pa mwala wa kuno, sali m'manda a kwawo. Mmisiri umuuze 14.

Ndine mayi ako,
E. Talandira

Limbe
22 Julayi 2024

Amayi,

Tili bwino. Kalata yanu ndinaiwerengera ku ofesi, kenako ndinatuluka kukakhala m'galimoto. A Peggy ndawawerengera, ana ayi.

Mmisiri wayamba 14 monga mwanenera. Koma ndapeza njira. Kuseri kwa mwala kulibe kanthu, ndipo akuti mayina 7 alowa bwinobwino. Akamwini onse alembedwe kuseri. Lamulo lanu likhala, palibe banja lodandaula, agogo apeza malo. Ndalama zake ndi zanga, komiti isavutike. Atha kudikira mpaka kumapeto kwa Seputembala.

Ulendo wa kwa Kanjiwa ndikanakonda ndikuperekezeni koma tchuthi andikaniza. Ndatumiza ya galimoto, musakwerenso njinga yamoto, chonde. Malume anyamule mankhwala awo. Ndipo musananyamuke jambulani kalata ija. Ikanyowa panjira titsala opanda kanthu.

Mwana wanu,
Dave

Nsenjere, Mvera
12 Ogasiti 2024

Dave mwana wanga,

Tili bwino, tinapita dzana tabwerako dzulo. Tinalipo anayi: ine, a Benjamini ndi amayi awiri a chigwirizano. Tinanyamuka 5:50, tinafika 11:25. Tayala linaphulika kamodzi.

Sitinalowe m'mudzi. Tinaima pa mtengo wa mkuyu kumapeto kwa nyumba n'kutuma munthu kukaitana nkhoswe yawo. Anabwera bambo wa zaka ngati 50, mdzukulu wa azakhali anga, atanyamula nyundo m'dzanja chifukwa tinamuchotsa posula makasu. A Magdalena anabwera pambuyo pake, ndi ana awo atatu amene anaima mopingasa njira ya kudimba.

A Benjamini anali atalemba zolankhula masamba anayi, ine ndinawakonzera zolakwa 17. Atavula chipewa n'kunjuta, mapepalawo anatsala m'thumba la jekete.

Anati, "Tabwera ndi uthenga. Mkamwini wathu, a Yosefe Kalebe, atisiya."

Nkhosweyo inaika nyundo pansi n'kufunsa monga mwa mwambo. "Atisiya liti?"

"Pa 3 Novembala."

Bamboyo anayang'ana a Magdalena, anayang'ana ine. Anati, "Uno ndi Ogasiti."

"Chaka cha 1944."

Kenako nkhosweyo inafunsa funso lotsatira, poti mafunsowo ali ndi ndondomeko yake. "Anadwala chiyani?"

A Benjamini anati, "Nkhondo."

"Nanga thupi lili kuti?"

"Ku Burma. Ife tachedwa, bambo. Mlandu ndi wathu. Chimene mugamule tilandira."

A Magdalena anati pasagamulidwe kanthu asanamve pepala. Ndinaitulutsa kalata, ndinawerenga m'Chingerezi monga inalembedwera, kenako m'Chichewa. Anati ndibwereze Chichewacho. Ndinabwereza.

Anati, "Mombasa alimo m'menemo?"

Ndinati mulibe.

Anati, "Nsapato zoyera?"

Ndinati mulibe.

Anamasula nsalu m'chiuno n'kuimanganso mothina. Anatembenukira kumene kuli manda n'kuitana agogo awo ndi dzina la mfunda, kawiri, ngati akuitana munthu ali kumunda. Anati, "Mwamva? Sanakuthaweni." Atatero anayamba kulira, amayi a chigwirizano analandira, ndipo anthu anatuluka m'nyumba akuthamanga, akufunsana kuti wamwalira ndani. Atauzidwa, ena anafunsa kuti Yosefe wake uti. Analira ndithu. Ndinawerenga anthu 64.

Ine sindinalire. Sindinadziwe poyambira, munthu sindinamuonepo.

Chigamulo chinali mbuzi imodzi ya kuchedwa. A Benjamini akuti ankayembekezera ng'ombe, ndipo pobwerera anadya mabanzi atatu, shugayo ali nayo.

Za kuseri kwa mwala ndinatula kwa a Magdalena, poti tsopano eni ake a bambo alipo ndipo sitingawalembe paliponse osapempha. Ndinawapempha mwaulemu, ndipo ndikuuze zoona, ndinafuna kuti avomere. Anati ayankha pa kalata.

Ndine mayi ako,
E. Talandira

Kwa Kanjiwa, Ntchisi
30 Ogasiti 2024

Msuweni,

Tili bwino, mbuzi inafika, ndi yowonda koma talandira.

Takhala pansi banja lonse. Malume akhala kuseri zaka 79, simuwaikanso kuseri kwa mwala, kumene anthu amakataya makoko a nzimbe. Ngakhale mutatipatsa kutsogolo, pamwamba pa onse, sitivomera. Inu munati munthu ndi wa kwa mayi ake. Munanena zoona. Tipatseni munthu wathu.

Tiika maliro Loweruka pa 2 Novembala. Malo alipo kumapazi kwa agogo, pamene panamera mtengo wa mpoza, tiudula. Inu mudzakhala m'nyumba ya siwa monga mwana wa malemu, osati panja ndi kope lanu.

Chatitsalira ndi chimodzi. Tiike chiyani? Akuluakulu akuti thunthu la nthochi monga kale, abusa akana. Chovala chawo tilibe, khasu tilibe, agogo anatentha zonse. Manda a munthu sangakhale dzenje lopanda kanthu. Kwanuko kuli chiyani chawo? Sindikupempha, ndikungofunsa.

Za dimba zija Faith ndiye analemba molakwa, ine sindinanene choncho.

Ndine msuweni wanu,
Magdalena

Nsenjere, Mvera
12 Novembala 2024

Dave mwana wanga,

Ndikhulupirira muli bwino nonse ndipo mafuta a galimoto wawapeza. Usadziimbe mlandu. Ukanakhala pamzere wa mafuta masiku awiri n'kudzathera panjira, ikanakhala ntchito ina. Popeza sunakhalepo konsekonse, ndikulembera zonse ziwiri.

Chipilala tinavundukula dzana. Anthu 212. Mwala unakhala bwino, wapendekera pang'ono kumanja koma aliyense akuti ndi maso anga. Mmisiri wako sanalakwitse chilembo. Mayina ndinawerenga ine, limodzilimodzi, banja lililonse likuimirira dzina lawo likatchulidwa. Pa nambala 6 a Benjamini anaimirira, ine ndinali chiimire kale. Asilikali awiri opuma anabwera ndi lipenga, linalira kachiwiri, koyamba linakana. Mzere wa 15 uli wopanda kanthu, kuseri kulibenso kanthu. Komiti inagwirizana, onse 11, kuti mkamwini asalembedwe tisanafunse eni ake. Ndinalembera midzi ya akamwini 6 otsalawo kufunsa ngati uthenga unafika. Mayankho ali m'munsimu.

Kwa Kanjiwa ndinakhala masiku anayi. Anandiika m'nyumba ya siwa, kope langa a Magdalena anakhalira. Adzukulu anakumba manda athunthu, akuya ngati a munthu aliyense, ngakhale bokosi linali la masentimita 30 m'litali ndi 20 m'lifupi. Kalipentala anafuna kukhoma laling'ono ndithu, a Magdalena anati malume anali wamtali.

M'bokosimo muli kalata ya boma. China chawo ndinalibe. Ndinaitambasula komaliza, ndinaiyala pa nsalu yoyera, osapinda, ndipo ndinatseka ndekha.

Unandipempha chithunzi chake kawiri pa kalata ndi kasanu pafoni. Sindinajambule, sindinakoperenso. Ndinali ndi masabata 9 oti nditero, ndipo tsiku lina ndinafika potenga cholembera. Koma sindikanatha kuika bambo anga m'manda n'kutsala ndi ena m'faelo. Ukwiye ngati ukufuna. Mizere yake ndi 6, ndikuidziwa pamtima, ana akadzabwera pa Khirisimasi ndidzawauza.

Unafunsa pafoni ngati ndinalira. Ndinalira, pamene dothi linayamba kugwera pa bokosi. A Magdalena akuti ndimalira ngati munthu wowerenga pabolodi, koma akuti poti ndi koyamba, zili bwino. M'mawa mwake anandimeta okha ndi sizasi. Mdzukulu wawo ali ndi pakati, akuti akadzakhala wamwamuna dzina lilipo kale.

Chiwerengero chomaliza, monga chilili lero:

Anabwerako amoyo: 20
Olembedwa pa chipilala cha Nsenjere: 14
Akamwini amene kwawo ayankha kuti uthenga unafika ndipo analira: 4
Akamwini amene kwawo sanayankhebe, ndipo a Benjamini ndawauza kale kuti akonzeke: 2
Woikidwa kwawo, kumapazi kwa mayi ake, mtumbira wa 38: 1
Onse pamodzi: 41

Ndine mayi ako,
Eleanor Talandira, mwana wa Yosefe Kalebe wa kwa Kanjiwa